Mpeni wachiwiri pakhosi panga

Chizindikiro choyamba chinali kachotupa kumanzere kwa khosi, kolimba ngati njere ya nzama. Ndinakamva nthawi yosoka fodya, ndikupukuta thukuta. Sikankapweteka. Kwathu kuno kumapiri a ku Kasakula chithokomiro si chachilendo, ndipo aliyense amati chimabwera ndi mchere wa pamulu. Choncho ndinayamba kugula mchere wa m'mapepala, pakhosi n'kumakulungapo kansalu. Chaka chinatha ndikudikira kuti mchere undichiritse. Kachotupa kanakula, kumeza kunayamba kuvuta, m'mimba namonso munkangotseguka osaleka.

Kuchipatala cha paboma ku Ntchisi ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anandijambula pakhosi, natengapo kanyama ndi singano kukayeza. Zotsatira zitabwera, dokotala anati ndi khansa ya chithokomiro, ya mtundu wosaonekaoneka, umene sumva mankhwala omwe amathandiza odwala ena. Anandichita opaleshoni m'nyengo yozizira n'kuchotsa chithokomiro chonse. Ndinatuluka ndi chipsera komanso mapiritsi omwa m'mawa uliwonse kwa moyo wanga wonse. Ndinkayesa kuti zatha.

Anandilamula kuti ndizipita kukayezetsa magazi. Ulendo wake unali wotopetsa: kudzuka kusanache, minibasi kutitimira m'matope, kukafika n'kupeza mabenchi atadzaza, kudikira dzina lako mpaka dzuwa kupendeka. Patapita madzinja awiri, magazi anayamba kuonetsa kuti matenda akadalipo. Atandijambulanso, anapeza tizotupa tina pafupi ndi mtsempha umene umayendetsa mawu.

Apa ndiyenera kunena kuti ine ndinali woyambitsa nyimbo. Kutchalitchi, paukwati, makamaka pamaliro, amayi akakhala chete ankadikira ine. Sindinapite patali ndi sukulu, ndipo chimene anthu ankandidziwa nacho ndi mawu angawo basi.

Dokotala anandiyalira njira zitatu. Ndikanatha kudikira, iwo n'kumangoyeza kuti tizotupa tikukula bwanji. Akanatha kuwotcha malowo ndi makina, koma anati kuwotchako kumangochedwetsa matenda ndipo kumalimbitsa khosi, moti opaleshoni ya m'tsogolo imadzavuta. Njira ina inali kubwereranso ku mpeni. "Mayi," anatero, "pamene padadutsa mpeni kale pamakhala zipsera, mtsempha wa mawu suoneka bwino. Mutha kudzuka mawu atasintha. Kaganizireni, thupi ndi lanu."

Thupi ndi langa, inde, koma kwathu nkhani ya mpeni siimathera kwa wodwala kapena kwa mwamuna wake. Imapita kwa mwinimbumba, amene kwa ine ndi alongo anga aakulu, a Yohane. Iwo anakana kwamtuwagalu. "Naphiri, mpeni kawiri pakhosi pamodzi? Ine ayi. Unapulumuka koyamba, usamuyese Mulungu." Kunena zoona, kukana kwawo kunandikomera. Ndinkaopa kukhala wosalankhula kuposa mmene ndinkaopera imfa, ndipo ndinabisala kumbuyo kwawo mpaka chimanga chinacha.

Kenaka ndinayamba kutsamwa ndi madzi akumwa. Ndinapsa mtima, n'kuwauza alongo angawo kuti ngati ali mwinimbumba akwere nane minibasi akamve okha. Anapita, atavala jekete ya kutchalitchi. Funso lawo kwa dokotala linali limodzi: tikasiya osachita kanthu, mawu atsala? Dokotala anati sangalonjeze, chifukwa tizotupato tikakula tidzaugwira mtsemphawo tokha, ndipo pamenepo kuchotsa kudzakhala kovuta.

Tili panja, pansi pa mtengo pomwe amadikirira osamalira odwala, a Yohane anandiyang'ana. Kenaka anati, "Ukakafera patebulo la opaleshoni paja, mbumba yonse idzati ndakupereka ndine." Ndi pomwe ndinazindikira kuti nawonso anali ndi mantha awo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Titabwerera kumudzi ndinachita chinthu chimene mkazi wa kwathu sachita kawirikawiri. Ndinaitanitsa amuna anga, achemwali anga ndi ana anga aakulu, n'kunena pamaso pawo kuti opaleshoni ndavomera ndine, ndipo chilichonse chikachitika wina asadzaloze chala a Yohane. A Yohane anangowerama, n'kuvula chipewa.

Opaleshoni yachiwiri inatenga nthawi yaitali kuposa yoyamba. Nditatsitsimuka ndinayesa kuitana namwino, koma panangotuluka mpweya. Ndinalira, kulira kopanda mawu. Namwino anati, "Musakakamize, amayi, khosi likadali lotupa." Masabata anadutsa ndikunong'ona. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, koma osasa ndi otsika, ndipo nyimbo sakweranso nayo.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimameza popanda vuto, mapiritsi sindiphonya. Magazi ndimakayezetsabe, ndipo madokotala akuti pakadali pano zinthu zili bata, ngakhale sananene kuti ndachiriratu. Anandiuzanso kuti mtundu uwu nthawi zina umayenda m'magazi a banja, choncho ana anga nawonso anakaonedwa pakhosi.

Inu amene mwamva kachotupa pakhosi, musadikire kuti kayambe kupweteka. Pitani kuchipatala kakadali kakang'ono. Akakuyalirani njira zoti musankhe, tengani wachibale amene mawu ake amamveka pakhomo, akamve yekha, koma chomaliza nenani ndinu. Pamaliro masiku ano nyimbo amayambitsa ndi ena, ine n'kukhala pamphasa kumangogwedeza milomo. Zimandiwawa, sindibisa. Koma maliro amene ndimakhalapo chetewo si anga.