Tsiku limene anakugwaditsa, Tumpale

Tumpale, mdumbu wane, mlongo wanga, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda kudziko la eni, ndipo ndikulephera kukhala pansi. Ndangozungulira msika wa pa Boma osagula kanthu. Ndikukumbukira tchuthi chako chomaliza kuno, nthawi ya chipani chimodzi. Kunja komwe unkaphunzira unamwino anali atangokusankha mu timu ya dziko ya ragibi ya amayi. Ine ndinali nditangosiya yunivesite ku Zomba nditakana kupepesa kwa akuluakulu, ntchito kugona masana. Unandikoka mwendo: "Dzukani, a Digiri ya Theka, ndikufuna wondithamangitsa." Pabwalo la ndege unamasula chitenje n'kuliyatsa liwiro ndi kabudula, mpira wonga dzira uja uli m'khwapa. Ine sindinakugwire. Anakugwira ndi anyamata a chipani, ati mkazi wovala kabudula akunyoza boma.

Tcheyamani wa chipani anaika pasipoti yako patebulo. "Ugwade upepese, apo ayi ndege uziionera pansi." Ndinakunong'oneza kuti usayerekeze. Koma iwe, amene pabwalo ankachita kukuunjikira kuti ugwe, unagwada pafumbi n'kunena kuti, "Phepani, adada." Panjira ndinakulalatira mpaka kukhosi kuuma. Unangosasa maondo n'kundifunsa, "Iwe ku Zomba unakana kugwada, nanga uli kuti?" Unapita, unasewera zaka zambiri pansi pa mbendera ya eni, sunabwererenso. Lero ana a tcheyamani yemweyo akugawana chithunzi chako, ati nyenyezi yathu ya ku Chitipa. Manyazi alibe. Gona, mdumbu. Ine sindinagwadirebe munthu, koma ndikadali pomwe unandisiya.