Miyala Itatu ya a Simpungwe

Mlamu wanga a Yotamu Simpungwe ankalima mawere ndi nyemba kumtunda kwa mtsinje wa Kalambo. Khasu lawo linkafukula miyala yosongoka, yosemedwa mbali zonse ziwiri, ndipo ankangoiunjika m'malire a munda.

Udzu utauma kunabwera Mayi Marit, ofufuza za anthu akale. Anali atakumbapo ku Peru, ku Yordano ndi ku Itiyopiya. Anatilemba ntchito ife awiri: ine kukumba, alamu kusefa dothi. Dzenje lawo linali la ngodya zinayi, lomangidwa ulusi, ndipo chilichonse chotuluka ankachilembera kapepala kosonyeza kuya kwake.

Chilimwe choyamba sitinapeze kanthu. Chachiwiri chinafika mpaka nyenje kuyamba kulira, sefa ikungogwira nsangalabwi. Mayi aja anaonda.

"Mlamu," anatero a Simpungwe tikubwerera, "mlendo wadya kwathu zaka ziwiri. Apite chimanjamanja? Ngakhale wosaka mbewa timamugawira."

"Mugawireni nkhuku."

"Nkhuku ikwera ndege? Mutu ngati chikwanje chobuntha iwe. Akufuna miyala, ndipo ine ikundithyolera makasu."

Lamlungu Mayi Marit atapita ku tauni ya Mbala, tinasankha miyala itatu yokongola pamulu wa m'munda uja. Ndine ndinakumba pansi penipeni pa dzenje n'kuikwiriramo, ndine ndinapondaponda dothi.

Lachiwiri Mayi Marit anaipeza. Anagwada, natiuza kuti mwala pawokha sunena kanthu, chonena ndi pamene wagona. Pakuya chotere, anati, ndiye kuti anthu anakhala kuno kale kwambiri kuposa mmene onse ankaganizira, ndipo akalemba zimenezi kuti dziko lidziwe.

Alamu anasiya kudya bwino. Mitambo inayamba kusonkhana chakunyanja, masuku akupsa.

"Tikangokhala chete apita akusangalala," ndinatero.

"Ndiye akaime pamaso pa anzake ndi bodza langa m'kamwa?"

Tsiku lokwirira dzenje, a Simpungwe anavula chipewa.

"Mayi, miyala ija ndi ya m'munda mwanga. Ndinaika ndine."

Za ine sananene. Inenso ndinangoyang'ana fosholo.

Mayi Marit anakhala pa chidebe. Kenako anamasula timapepala tija kamodzikamodzi, nang'amba masamba asanu ndi awiri m'buku lawo. Anapempha kuona mundawo, koma khasu linali litautembenuza kuyambira nthawi ya agogo. Anabweza miyalayo ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo," anatero, ndipo mvula yoyamba inawapeza ali m'galimoto.

Sanabwerenso. Anthu anawatcha alamu Wobzala Miyala, ndipo dzinalo analisenza okha zaka khumi ndi chimodzi mpaka kumanda, osanditchula ngakhale atakhuta mowa.

Mundawo ndikulima ndine tsopano. Dzulo khasu lafukula mwala wina. Ndauika pamulu, pambali pa itatu ija.