Makapisozi a ku Halale

Chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anachuluka ku Nkope, ine ndinaganiza zochoka. Sindinkawada ayi, anali abale athu, ena Chiyao chawo chokoma kuposa changa. Koma ganyu wokoka khoka tinayamba kulimbirana, ndipo kunyumba ndinkafika ndi usipa wosadzaza ngakhale mbale. Mkazi wanga, Abiti Jafali, anali ndi mwana kumbuyo. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Halale.

"Pitani, Che Saidi," anatero. "Koma muzilemba makalata, musakakhale mtchona."

Tinadutsa ku Tete pa mdipiti wa malole, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Titafika ku Halale, ntchito ndinaipeza pamalo ena ophikira buledi. Buledi wopsa mbali kapena wopindika ankatipatsa ulere. Ine mwana wa kunyanja, amene buledi ndinkamulawa pa chikondwerero cha Idi pokha! M'mawa buledi, masana buledi, madzulo buledi, tiyi wake shuga masipuni asanu. Ndinkati ndikusunga ndalama zotumiza kwathu, ndipo ndinkatumizadi. Zophika ndinasiya. Kuphikira ndani? Kuchipinda kunali ine ndi wailesi basi.

Tsiku lina ndinapsa mkono pa uvuni, bala n'kuyamba mafinya. Kuchipatala anandipatsa makapisozi, bala lija n'kuuma msanga. Apa ndiye ndinapusa. Ndinaona ngati ndapeza mankhwala a chilichonse. Bambo wina ankagulitsa makapisozi omwewo pokwerera basi, ndiye ine chimfine kapisozi, mutu kapisozi. Mimba itayamba kuvuta, ndinawonjezera.

Mimbayo, abale inu! Ndikangodya inkafufuma ngati mtanda wa buledi, kupotokola, mpweya wosatha. Sabata ino kutsegula, sabata yamawa kudzimbidwa. Lilime linayera, buluku n'kuyamba kugwa. Masiku amenewo munthu wa kunja ukaonda n'kumatsegula m'mimba, aliyense ankadziwa dzina la matenda ako ngakhale sankalitchula. Ndisaname, kusungulumwa kunandilowetsapo m'nyumba ina imene sindinkayenera kulowa, choncho ndinadziweruza ndekha. M'makalata ndinkangolemba kuti ndili bwino, koma mnzanga wa ku Lungwena amene ankanyamula makalatawo anali ndi maso, analinso ndi pakamwa.

Ndinabwerera kwathu kudzafa. Panalibe chifukwa china.

Abiti Jafali sanalire, sanandifunsenso kanthu. Ankandiphikira phala la mgaiwa, nsomba zowiritsa ndi masamba. Buledi ku Nkope akanamupeza kuti? Makapisozi anga anatha, ndipo panalibe kogula ena. Kupotokola kunachepako, koma ine sindinakhulupirire. Ndinkakana kunyamula mwana wanga yemwe, kuopa kumupatsira. Zimenezo ndi zimene zinamukwiyitsa mayiyu. Anabwereka njinga, n'kundikweza pakaliyala ngati thumba la chimanga mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko ananditenga magazi, n'kutiuza kuti tibwerenso.

Tsiku la zotsatira tinabwererako. Adokotala, bambo wa imvi, anayang'ana pepala n'kunena kuti, "Magazi anu alibe kachilombo kaja." Ndinawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Kenako anandifunsa zimene ndinkadya ndi kumwa ku Halale. Nditafotokoza, anagwira pakamwa.

"Inu ophika buledi yisiti mumaidziwa," anatero. "M'matumbo mwa munthu aliyense muli yisiti pang'ono, ndipo tizilombo tabwino timailetsa kuchuluka. Makapisozi anuwo anapha tabwinoto, shuga n'kumadyetsa yisitiyo. Sindinganene kuti vuto ndi lokhalo. Matumbo anu ndi osachedwa kukwiya, ndipo matendawa amapita n'kubweranso. Koma sapha munthu."

Anandipatsa mankhwala a lilime, n'kundiletsa kumwa kapisozi aliyense popanda kuuzidwa ndi achipatala. Nditatuluka ndinakhala pansi pakhonde n'kulira, anthu akuona, ine osasamala. Alhamdulillah! Mpaka lero ndikasusukira mandasi mimba imandilanga, koma ndimangoiseka.

Titafika kunyumba, Abiti Jafali anatsegula sutikesi yake n'kutulutsa nsalu yoyera, yatsopano, yopinda bwino. Inali nsanda yokulungira maliro. Anaigula ku Mangochi boma ine ndisanafike n'komwe, mnzanga uja atangoulula mmene ndinaondera. Mjomba wake, malume ake enieni, anali atamuuza kuti athetse ukwati ndisanabwere ndi matendawo. Koma Abiti Jafali anangokwera basi kukagula nsaluyo.

"Ndinati ngati n'kufa, adzafere m'manja mwanga, aikidwe mwaulemu," anatero. "Nanga tsopano nditani nayo, Che Saidi? Mwandivutitsa pachabe."

Mawa lake tinapita nayo kwa telala. Pa Idi ya chaka chimenecho ndinalowa mumzikiti nditavala mkanjo woyera mbee, anzanga n'kumati, "Koma za ku Halale ndi zina, taonani nsalu!" Ine ndinangowavomera.