Gitala ya Asekulu M'munda wa Khofi

Fungo la makoko a khofi likangondipeza, ndimawaona asekulu, agogo anga aamuna, akutsika kanjira koterera ka ku Misuku, atabereka gitala ngati mwana. Anaipeza kwa wamalonda wina wa ku Tanzania posinthana ndi tonde. Munthu wa imvi mbuu, chibadwire osagwirapo ngakhale banjo!

Chifukwa chake chinali abuya, agogo anga aakazi. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, koma maondo atawakana, phiri la kutchalitchiko sanathenso kulikwera. Lamlungu ankangokhala duu pakhonde, ndipo kuyimba anasiyiratu, ngakhale posankha nyemba. Zinkandiwawa ine, koma asekulu zinkawawawa koposa.

"Usawauze abuya ako," anandinong'oneza. "Ndikufuna ayimbenso."

Masana aliwonse ankakabisala kumunsi kwa munda wa khofi, pansi pa nthochi. Aphunzitsi a kwaya anangowaonetsa pogwira patatu basi. Koma zala zija, mayo ine! Zinali zokhakhala ndi khasu, chala chimodzi chinkapana mawaya awiri, gitala n'kumalira ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Nsonga za zala zinatuluka matuza, iwo n'kumaziviika m'madzi amchere, mawa lake n'kubwererakonso. Panali malo amodzi m'nyimbo imene ankaphunzirayo pamene ankaima ndithu, kufunafuna poika zala, kenaka n'kupitiriza.

Chimene anaiwala n'chakuti kumapiri kwathu mawu sabisika. Ukaitana mwana tsidya lino, amayankha ndi wa tsidya linalo.

Titamaliza kuthyola khofi, asekulu anavala jekete, nadzakhala pakhonde moyang'anana ndi abuya. Anatsokomola kaye, nayamba kukhwacha mawaya. Abuya sanadikire kupemphedwa, mawu aja tinawasowa aja anangotuluka. Atafika pamalo povuta paja, abuya anaima okha, kudikira mpaka zala zitapeza pake, n'kupitiriza limodzi.

Asekulu anatong'ola maso. "Mwadziwa bwanji kuti ndimaima apa?"

"A Sichali, mudzi wonse ukudziwa!" anatero abuya. "Ine ndakhala ndikuyimba nanu chamumtima pakhonde pano kuyambira nthawi ya mvula."

Tinaseka mpaka misozi, asekulu akungopukusa mutu n'kumathokoza kuti, "Yewo, yewo." Kuyambira tsiku limenelo Lamlungu linkatipeza pakhonde, nawonso oyandikana nafe n'kumabwera ndi mipando yawo.

Onse awiri anatisiya kalekale. Lero ndimayimba kwaya ku Mzuzu, ndipo nyimbo ija tikafika pamenepo ndimaima ndekha. Anzanga amandigunda ndi chigongono, amati ndaiwala mawu. Sindiiwala ayi, ndimakhala ndikudikira asekulu.