Mmene Achemwali Anasiyira Makina Osokera

Achemwali anga anabadwa ndi matenda a mafunso. Tili ana, amayi akati "musakhudze icho", ine ndinkangobweza dzanja, koma iwo ankayamba afunsa kuti akakhudza chichitike n'chiyani. Atakula anaphunzira utelala n'kutsegula kashopu kuseri kwa msika wa tauni yathu. Ankasoka bwino, kungoti munthu wobwera kudzayezetsa diresi ankatuluka atafotokoza ntchito ya amuna ake, nthenda ya apongozi ake komanso chimene anasamukira nyumba yakale.

Kashopuko kanapsa masanasana. Telala mnzawo wa khomo loyandikana anasiya simbi yamagetsi ili chiyakire n'kupita kukadya, moto n'kudutsa m'denga. Ozimitsa moto anapulumutsa mashopu ena, koma mwa achemwali munangotsala makina okha, ali bii. Ndinathamangira komweko ndikuganiza kuti ndikawapeza akugubuduka ndi kulira. Ndinawapeza ataima pambali pa galimoto yofiira, zovala zili phulusa lokhalokha, akupanikiza bambo wina wachisoti.

"Nanga bwanji munayamba kuthira madzi shopu imene sinkapsa, kusiya yanga?"

"Yanu inali itapita kale, mayi. Timayamba kuteteza zotsala."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti iyi yapita?"

Bamboyo anali bwana wa ozimitsa moto. Kaya inali nsoni, kaya kufuna kuthawa mafunso, anawauza kuti makina akakonzedwa adzabwere ku siteshoni, kuli mayunifolomu ong'ambika osowa wosoka.

Siteshoni yake si yaikulu. Ndi nyumba yamalata yokhala ndi chitseko chachitsulo chotalika, ndipo mkati mwake mumagona galimoto imodzi yokha, yokalamba kuposa ena mwa oikwera. Pambali pali kachipinda ka foni, chipinda cha mabedi ndi khitchini ya ketulo yopindika. Kuseri kuli nsanja yoyanikapo mapaipi. Achemwali anaika makina pakhonde, ndipo kusoka kwake kunali kwa maso ali kwina. M'mawa uliwonse ankaona anthu akuliza injini, kusuzumira m'thanki ngati madzi ali odzaza, kutambasula mapaipi pabwalo n'kuwapindanso. Nanga mapaipi mumawayanikiranji poti ntchito yake ndi madzi omwewo? Anawayankha kuti akapindidwa onyowa amaola. Nanga bwanji majombo mumawasiya thalauza ili kale m'katimo? Kuti belu likalira ungolowetsa miyendo kamodzi. Pasanathe mwezi, siteshoni yonse inkawatchula kuti a Nanga, ndipo dzinalo lawakanirira mpaka lero.

Malo a ntchito atapezeka, achemwali anakalembetsa. Tonse tinaseka. Koma iwo anayamba kuthamanga m'mamawa kuzungulira bwalo la mpira, kunyamula zigubu za madzi ndi kukwera makwerero a alamu mpaka padenga la nyumba yawo. Anawatenga. Alamu anangopukusa mutu n'kundiuza kuti, "Anzanga akazi awo amabwera akununkhira mafuta odzola, ine wanga ndi utsi, ngati ndinakwatira nsomba yowamba."

Chinawadabwitsa kwambiri n'chakuti pa ntchito ya moto, moto ndi wochepa. Foni inkaitanira njuchi zolowa m'kalasi, mbuzi yogwera m'chitsime, mwana amene mutu wamukanirira mumpanda wachitsulo, ndi ngozi zapamsewu. Nthawi yotsalayo ndi kudikira: kusesa, kupukuta zisoti, kumwa tiyi, kunamizana. Katswiri wa kunamizanako anali dalaivala wawo, bambo wa mimba yake amene anzake ankamutcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo panalibe pozimitsira. Ankalankhula akuyendetsa, akudya, ena amati ngakhale ali m'tulo.

Tsiku lina m'nyengo yamvula, minibasi inawombana ndi lole pamlatho wa kumapeto kwa tauni. Dalaivala nthawi zambiri amatsala pa pampu, koma pamenepo panalibe moto, ndiye a Wailesi anapatsidwa ntchito yolankhulitsa mayi wina amene anapanikizika pakati pa mipando, anzawo akudula zitsulo. Anamugwira dzanja, kumufunsa za ana ake, mpaka kumuseketsa. Chitsulo chomaliza chisanaduke, mayiyo anatsirizika.

Atabwerera ku siteshoni, onse anachita zimene ankachita nthawi zonse: kutsuka galimoto, kuchapa magolovesi, kumwa tiyi aliyense akuyang'ana kapu yake, kenako kunyumba.

Kuyambira pamenepo a Wailesi anazima. Masana ankakhala okha m'galimoto, zitseko atatseka. Maso ankakhala ofiira, ndipo bwana anayamba kuwanunkhiza mozemba poganiza kuti ayamba mowa. Achemwali anaona china. Foni ikaitanira kutsidya kwa mtsinje, a Wailesi sankadzera pamlatho paja. Ankazungulira msewu wafumbi wa kumunsi, ati kumtunda kwachuluka maenje.

Tsiku lina masana achemwali anatsegula chitseko cha galimoto n'kukhala mpando winawo.

"Achimwene, maenje a kumlatho aja ine sindinawaone. Ali mbali iti?"

A Wailesi anasisita chiwongolero.

"Ndikangoona zitsulo za mlatho uja, miyendo imafa," anatero. "Mayi uja ndinamuuza kuti atuluka, akaphikira ana ake. Ndinamunamiza, a Nanga."

"Munkadziwa kuti satuluka?"

"Ayi."

"Ndiye bodza lili pati?"

Achemwali anafunsanso ngati amagona, anati tulo timabwera koma mayiyo amabwera nato. Anafunsa ngati akazi awo kunyumba akudziwa, anati angomuopseza pachabe. Pomaliza anafunsa ngati angawalole kukauza bwana, poti tsiku lina kuzungulira kuja kudzachedwetsa galimoto nyumba ya munthu ikupsa. A Wailesi anagwedeza mutu movomera, misozi ili m'maso.

Bwana anamvetsera ataima pawindo. Atatha kumva anati, "Ntchito ino ndi ya kumeza, mayi. Ife anatiphunzitsa choncho. Waona, wameza, mawa wabwera."

"Nanga inuyo bwana, zaka zonsezi, zimene munamezazo zili kuti?"

Achemwali akuti anaganiza kuti ntchito yathera pomwepo, chifukwa bwana anangowalozera chitseko. Koma m'mawa mwake anawaitana n'kuwauza motsitsa mawu kuti iwo nyama yootcha sadya, ndipo akamva fungo lake pamsika amaoloka msewu. Zinayamba ali anyamata, atalowa m'nyumba ina yopsa imene anafikako mochedwa. Akazi awo mpaka lero amadziwa kuti ndi vuto la m'mimba.

Bwana anapita yekha kuchipatala kukapempha namwino wina wodziwa za maganizo kuti azibwera kudzacheza nawo. Tsiku loyamba zinali zochititsa manyazi. Amuna akuluakulu anakhala pa mabenchi pansi pa nsanja ya mapaipi, aliyense akuyang'ana majombo ake ngati awagula kumene. Namwinoyo sanawakakamize. Amene anayamba kulankhula ndi chimunthu china chachitali chimene ankachitcha a Chitseko, chifukwa chothyola zitseko ndi phewa. Anati iwo akafika kunyumba amadzuka kangapo kukagwira ana pachifuwa kuti aone ngati akupuma. Wina anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndimayesa ndine ndekha wamisala." Kuchokera pamenepo nkhani zinatuluka mpaka tiyi anazizira.

Tsopano akabwera kochokera ngozi yoipa, sabalalika msanga. Amatsuka galimoto, kenako amakhala pansi kunena zimene aona, ndipo wosafuna kulankhula amangokhala nawo. Wina akaoneka kuti zamulemera, bwana amamupatsa masiku opuma popanda kumufunsa zambiri.

A Wailesi anapita kutchuthi, anakauza akazi awo, ndipo atabwerera anawaika ku foni. Kumeneko kunapezeka kuti pakamwa paja pali ndi ntchito. Munthu akaimba akukuwa, osatha n'kutchula kumene ali, iwo amamuziziritsa mpaka anene msewu ndi mtundu wa geti.

Koma galimoto inafunika dalaivala wina, poti wa shifiti inayo sakanagwira usana ndi usiku. Achemwali anali atayamba kale kufunsa kuti giya yobwerera m'mbuyo ili pati. A Wailesi anawaphunzitsa pabwalo pomwepo, akukuwa ali pakhonde, "Kilatchi, mayi! Imeneyo si makina osokera!" Achemwali anagwetsa mgolo wa zinyalala, anapinda geti pang'ono, koma laisensi anaitenga.

Panapita miyezi yambiri a Wailesi asanakwerenso galimoto ija. Tsiku lina foni inaitana kuti ng'ombe yagwera m'dzenje kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu anali operewera. A Wailesi anaika foni pansi, anaitana mlonda kuti aidikirire, n'kuvala chisoti. Palibe anafunsa kanthu, ngakhale achemwali amene. Akuyandikira mlatho, achemwali ali pachiwongolero, a Wailesi anagwira chitsulo cha pachitseko mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, maso ali kutsogolo. Atafika pakati anati, "Bwezani giya, kutsogoloku kuli bampu." Anaoloka.

Ng'ombeyo anaitulutsa ndi zingwe, matope ali thupi lonse. Itangoponda kumtunda inatembenuka n'kuwaponda a Wailesi chala cha kuphazi, jombo ili pomwepo. Anatsimphina sabata yathunthu, ndipo pofotokoza nkhaniyo kukhitchini, tsiku lililonse ng'ombe ija inkakulirakulira, mpaka a Chitseko anawafunsa ngati sinali njovu.