Telala Amene Anavala Masokosi M'manja

Taganizani m'mawa wa tsiku la sukulu, ana akudutsa pakhonde la sitolo yogulitsa utoto. Pakhondepo pali makina osokera opalasa ndi phazi, ndipo kuseri kwake kwakhala bambo wamfupi, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, koma akulankhulabe. Amenewo ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, telala wa mayunifolomu a pasukulu imene ndimaphunzitsa. Ana anawapatsa dzina loti aWailesi, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri.

Zaka zingapo zapitazo anawapeza ndi khansa ya chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ya mtundu wosowa kwambiri. Anawachita opaleshoni, n'kuchotsa chithokomirocho. Anachira, koma mtsempha umodzi wa mawu unavulala, moti mawu anabwerera osasa.

"Wailesi ilipo, mlamu," ankatero, "kungoti inagwera m'madzi."

Patapita nthawi, magazi anaonetsa kuti matenda abwerera. Panali totupa ting'onoting'ono mbali ina ya khosi. Achemwali anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala, poti aphunzitsi amati timamva msanga. Ndinapita nawo.

Adokotala, mayi wodekha, anafotokoza njira zitatu. Yoyamba inali kudikira n'kumayeza magazi, ngakhale kuti totupato tinali pafupi ndi njira ya mpweya ndipo tinkakula. Yachiwiri inali mapiritsi a tsiku ndi tsiku, amene amachedwetsa matendawa, koma anthu ena amawafoola ndi kuwatupitsa zikhatho mpaka kusupuka. Yachitatu inali opaleshoni ina.

"Imeneyo si nkhani, adokotala," alamu anatero. "Mungomasula ulusi pamene munasoka paja, n'kusokanso. Ine ndimatero tsiku lililonse."

Adokotala anaseka pang'ono. "Bambo, nsalu sichita chipsera. Mkatimo zinthu zinamatana, ndipo mtsempha wa mawu umene watsala ukudutsa momwemo. Tikhoza kuusunga, tikhozanso kulephera."

Pobwerera, titafika pa depoti, alamu anayamba kusinkhasinkha njira zitatuzo.

"Kudikira ayi," anatero kenako. "Ndadikiritsa anthu moyo wanga wonse. Ndikudziwa chimene 'bwerani mawa' amatanthauza. Ndiye kwatsala manja ndi pakamwa. Ine amene ndimakalipira makolo ochedwa kusankha pakati pa batani loyera ndi lakuda!"

Alamu sapereka chovala mwini wake asanachiyese. Choncho anaganiza zoyesa njira ziwirizo pathupi pawo, ngati diresi la mkwatibwi.

Anayamba ndi kusalankhula. Kwa masiku angapo ankangoloza ndi chala. Mayi akabwera ndi mwana, iwo ankamuimika pa benchi, kumutembenuza, kumuyeza, n'kugwedeza mutu. Kamtsikana kena ka m'kalasi mwanga kanandifunsa ngati aWailesi atikwiyira. Ndinakauza kuti ayi, akuphunzira phunziro lovuta. Chodabwitsa chinali chakuti makabudula amene anakhala pa msomali mwezi wonse anatha. Achemwali anayamba kuimba potsuka mbale.

Kenako anavala masokosi ochindikala m'manja, kuti aone moyo wa munthu wa zikhatho zopweteka. Ndinawapeza masana ndikuweruka, akulimbana ndi ulusi ndi singano, thukuta lili kamukamu, pakamwa pakuyenda ngati chigayo.

"Abambo, mukuchititsa manyazi," achemwali anatero, atabweretsa chakudya. "Anthu aziti matenda akwera kumutu."

"Amayi, kumutu anakwera kale tsiku limene ndinakufunsirani. Tandigwirirani sizasi."

"Pitani mukawauze adokotala kuti akupatseni mankhwala a pakamwa, osati a pakhosi."

Mwini sitolo ya utoto anatuluka kudzaona, n'kufunsa mwaulemu kuti chete uja abwerera liti.

Ndinawakumbutsa, monga mphunzitsi, kuti mayeso awowo sanali achilungamo. Adokotala ananena kuti si onse amene manja amatupa, ndipo si onse amene mawu amatayika.

"Ndikudziwa, mlamu," anayankha, akuvula masokosiwo ndi mano. "Sindimayesa matenda, ndimayesa ine. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti anthu amabwera pano kudzamva nkhani zanga. Kani amangopirira kuti atenge kabudula."

Anaseka, koma anakhala nthawi akuyang'ana zala zawo. Kenako ananena motsitsa kuti chimene chikuwawawa n'chakuti mdzukulu wawo wakhanda mwina sadzamva agogo ake akumuitana. Achemwali anangowayandikizira mbale.

Anabwerera kuchipatala ndi mafunso ambiri, ndipo adokotala anawayankha onse, ngakhale la ngati angathe kusoka khosi litamangidwa. Anagwirizana zoti achite opaleshoni, mapiritsi n'kukhala osungira m'tsogolo ngati matenda angadzukenso.

Mawu sanatheretu, koma anachepa kwambiri. Lero alamu amanong'ona, ndipo wofuna kumva ayenera kuwerama. Ana amakonda zimenezi kuposa kale, chifukwa chilichonse chimene telala wanena chimamveka ngati chinsinsi, ngakhale chikhale "imirira bwino". Iwo amati tsopano amasankha chonena, ndipo azindikira kuti zambiri zinali zosafunika. Achemwali amavomereza mofulumira kwambiri.

Palibe amene wawauza kuti khansa yatha. Amapitabe kukayezetsa magazi, ndipo sabata ya zotsatira amathyola masingano. Koma chaka chino, sukulu itatsegulidwa, ana onse oyamba kumene a m'kalasi mwanga anabwera atavala mayunifolomu osokedwa ndi alamu anga, ndipo onse anawalandira tsiku lotsegulira lisanafike.