Nyemba za M'bafa

Dzulo ndikutsegula chitini cha nyemba kuntchito ku Bolton, pa TV analengeza kuti wanthabwala wina wotchuka wa ku Scotland wamwalira. Okalamba amene ndimawasamalira anayamba kukumbutsana masewero ake. Ine ndinakankhira chitinicho kumbali.

Titangofika m'dziko lino, ku Middlesbrough, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinamuona munthuyu pa TV atakhala m'bafa lodzaza nyemba. Ankazipaka m'khwapa, kuzifinya ndi zala zakumapazi, anthu n'kumafa nalo phwete. Mawa lake amayi anabwera ndi zitini zimene kutchalitchi ankagawira ife othawa kwathu. Nyemba zake zomwezo, msuzi wofiirira womwewo.

"Amayi, izitu ndi zimene anasambira bambo aja. Azibwezera m'chitini kuti atipatse ife."

"Idya, iwe. Mulibe china m'nyumba muno."

Ndinakankha mbale. Masiku atatu ndinkadya buledi wa amayi, iwo n'kumameza nyembazo akuyang'ana kukhoma.

Lero ndikudziwa kuti nyemba za m'bafa zija sanatipatse ife. Anangokazitaya, anthu atamaliza kuseka, ndipo zimenezo n'zimene zimandinyansa koposa.